Zikomo achimwene a pa Kamuzu Road

Ndikufuna kuthokoza mnyamata wina amene anandithandiza Loweruka lapitali, ngakhale dzina lake sindinalifunse n'komwe.

Ndili ndi kashopu kosindikiza mapepala pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Mwezi watha anandilumikizira intaneti ya fayiba, koma kudawuniloda fayilo kunali ngati kudikira minibasi ya ku Senga Bay kuti idzaze. Makasitomala ali chilili, ine thukuta kamukamu. Amene anaika aja ndikawaimbira ankangoti kwawo zonse zili bwino.

Mnyamatayu anabwera kudzasindikiza kalata yofunsira ntchito. Atandimva ndikung'ung'udza, anagwada pansi pa tebulo n'kuwerenga zolembedwa pa chingwe chochoka ku rauta, kabokosi kogawa intaneti, kupita ku kompyuta. Chinali chingwe cha mtundu wakalekale wa Cat5, chopangidwira liwiro la 100 Mbps basi. Anati ndigule cha mtundu wa Cat6, chothamanga kuposa pamenepo. Rauta ndinali nditaibisa kuseri kwa kabati yachitsulo kuopa fumbi, iye anaikweza pamwamba poonekera, laputopu n'kuichotsa pa Wi-Fi ya 2.4 GHz kuiika pa ya 5 GHz, yomwe ndi yothamanga. Fayilo yomweyo inatsika ndisanamalize kuwerengera kasitomala chenji.

Ya Fanta anakana. Achimwene, ngati mukuwerenga izi, zikomo kwambiri. Kalata ija ikayankhidwe, ndipo mukadzadutsanso, kusindikiza kwanu ndi kwaulere.