Galu wopanda magazi, koma magazi ake akuundana

Sabata zitatu ndakhala ndikulimbana ndi phunziro la IMHA, matenda amene chitetezo cha thupi la galu chimawononga ma red cell (maselo ofiira a magazi) ake omwe, ndipo dzulo usiku m'pamene zalowa m'mutu. Chinkandizunguza n'chakuti galu nkhama zayera mbee, PCV (muyezo wa kuchuluka kwa ma red cell m'magazi) ili pansi, mkodzo wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, koma chimene chimapha ambiri mwa agalu otere ndi magazi kuundana m'mapapo. Oundanawo ndi magazi ake ati? Ine ndinkangoti magazi akachepa ndiye kuti asanduka amadzimadzi basi.

Nkhani yagona pa nitric oxide, kampweya kamene mitsempha ya magazi imatulutsa. Ma red cell akamaphulika, haemoglobin yomwe imanyamula oxygen mkati mwake imatayikira m'mitsempha n'kuyamba kumeza nitric oxide, pomwe ndi iyeyo amene amagoneka ma platelet, tizidutswa ta m'magazi tothandiza kuti aundane. Wowagoneka akangochoka, onse dzambatu, puloteni yawo yomatira ya P-selectin panja, kumatana kwayambika. Ma monocyte, mtundu wina wa ma white cell, nawo akutulutsa tissue factor yoyambitsa kuundana, zidutswa za ma cell ophulika aja zaonetsa phosphatidylserine, mafuta olimbikitsa kuundanako, kenako ife ochiza ziweto tikufika ndi mankhwala a prednisolone ndi catheter (kapaipi ka mumtsempha) m'mwendo, zomwe nazonso zimawonjezera kuundanako.  Ndiye ma platelet akatsikako pa zotsatira, nthawi zina n'chifukwa choti akuthera m'magazi oundanawo. Apa ndinaseka ndekha, nditagwira tochi ya foni m'kamwa, magetsi atapita.

Chandipulumutsa ndi mivi. Ndinang'amba kalendala yakale, kuseri kwake ndinalemba "cell yaphulika" pakati, n'kumakoka mivi mpaka ku mapapo. Ndikunenetsa, palibe phunziro limene silingagonje ndi kalendala ndi bolopeni yofiira. Aphunzitsi athu zimenezi anangozidutsa liwiro la minibasi, ma slide mbwee, "mukawerenge nokha." Tikawerenge liti? Lachisanu mayeso a parasitology, komwenso Babesia, kachilombo kofalitsidwa ndi nkhupakupa, ikundidikira ndi kuchepetsa magazi kwakekwake, yomwe imathanso kuputa chitetezo cha thupi kuti chiukire magazi.

Malangizo a 2019 a ACVIM, bungwe la akatswiri a matenda a ziweto ku America, amati galu aliyense wa IMHA atetezedwe ku kuundanaku, kupatula amene ma platelet ake sakufika 30,000 pa microlitre ya magazi, ndipo amatsogoza mankhwala a mtundu wa heparin, clopidogrel n'kumuika patsogolo pa aspirin. Apa mpomwe ndakodwanso. Ngati ma platelet ali olusa chonchi, bwanji clopidogrel, yemwe ntchito yake ndi kuwagoneka, sali woyamba? Akuti magazi oundana m'ma vein amachuluka fibrin, ulusi womanga magazi oundana, womwe heparin amauletsa kupangika. Chabwino. Nanga galu amene ma cell ake akuphwanyidwira mu kapamba (spleen), haemoglobin osatayikira kwambiri m'mitsempha? Muvi umenewo pa kalendala panga ukadali lendee, sindinaupezere pofikira.