Mmene ndinalawira Shiraz wosakaniza tisanayambe kumugulitsa

Ndimayang'anira chipinda chodyera pa malo ena ogona alendo kuno ku Dedza, ndipo vinyo aliyense asanalembedwe pa mndandanda wa zakumwa amayenera kudutsa kaye pakamwa panga. Wogulitsa wina atatitumizira botolo la vinyo wofiira wa ku South Africa kuti tione ngati tingamaode, ndinayamba ndi kuwerenga zolembedwa pabotolo, chifukwa munthu amalawa bwino akadziwa chimene akufunafuna.

Panalembedwa mayina atatu a mphesa: Shiraz, Mourvèdre ndi Viognier. Mayina otere amandandalikidwa kuyambira mphesa imene yachuluka, choncho ndinadziwa kuti mwini nyumba ndi Shiraz ndipo enawo ndi omuthandiza. Malamulo a ku South Africa amalola kulemba dzina la mphesa imodzi yokha ngati mphesayo yafika 85 peresenti ya vinyo yense, kotero amene walemba mayina atatu akufuna tidziwe kuti wasakaniza dala. Pakhosi pa botolo panali chidindo cha bungwe loona za vinyo m'dzikolo, chotsimikizira kuti zolembedwazo n'zoona, malinga ndi dongosolo la Wine of Origin limene linayamba mu 1973. Shiraz ndi mphesa yomweyo imene ku France amaitcha Syrah, ndipo ndi yochokera kum'mwera chakum'mawa kwa dzikolo. Viognier ndi mphesa yoyera, koma ku Côte-Rôtie, dera la minda ya mphesa m'chigwa cha mtsinje wa Rhône ku France komweko, malamulo amalola kuiphatikiza ndi Syrah mpaka 20 peresenti kuti vinyo anunkhire bwino, ndipo opanga vinyo a maiko ena anatengera mwambo umenewu.

Kenako ndinayang'ana chitsekerero. Katundu wambiri wochokera ku South Africa amabwera pamsewu kudzera ku Tete, kumene kumatentha kwabasi, ndipo vinyo amene wakhalitsa m'lole yoima padzuwa amakankha chitsekerero kapena kudontha, kusiya mzere womata pakhosi pa botolo. Botolo ili linali louma, chitsekerero chili m'malo mwake.

Nkhani ya kutentha ndi kuzizira ndi imene ndimaisamala kwambiri kuno kwathu. Vinyo wofiira wamphamvu ngati uyu amakoma akakhala pakati pa madigiri 16 ndi 18, koma tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu June ndi July chipinda chathu chosungiramo katundu chimazizira kuposa pamenepo. Vinyo wozizira kwambiri amabisa fungo lake ndipo amaumitsa m'kamwa mopyola muyeso, moti munthu akhoza kukana vinyo wabwino pomuweruza asanafunde. Ndinaika botolo m'chipinda chodyera kwa kanthawi, kutali ndi mbaula, ndipo nditatsegula ndinalisiya lipume pafupifupi theka la ola.

Ndinathira pang'ono m'tambula yamimba yaikulu, osafika ndi theka lomwe, n'kuipendeketsa pamwamba pa nsalu yoyera ya patebulo. Pakati vinyoyo anali wofiira moderapo kwambiri, moti chala changa kuseri kwa tambula sichinkaoneka, ndipo m'mbali munali mofiirira mopita ku pepo, chizindikiro chakuti akadali wamng'ono. Vinyo wofiira akamakalamba m'mbali mwake mumasanduka mtundu wa njerwa. Timizere totsika pang'onopang'ono m'tambula ena amati ndi umboni wa vinyo wapamwamba, koma timangosonyeza mphamvu ya mowa, imene pabotolo inalembedwa kuti ndi 14 peresenti.

Ndinanunkhiza kaye ndisanagwedeze tambula, pofuna kumva ngati pali chovuta. Fungo la katoni yonyowa likanatanthauza kuti chitsekerero chaononga vinyo, ndipo fungo la viniga kapena la zipatso zophika mpaka kupserera likanandiuza kuti mpweya kapena dzuwa lamulowa. Panalibe chilichonse mwa izi. Nditazunguza tambula patebulo, fungo linatuluka motsatizana: poyamba mabulosi akupsa ndi mapulamu akuda, kenako tsabola wakuda wongosinja kumene, ndipo pamwamba pake kafungo ka maluwa ndi mapichesi kamene ndi mphatso ya Viognier. Pansi penipeni panali fungo la nyama yowamba ndi utsi pang'ono, limene limachokera ku Shiraz ndi Mourvèdre komanso ku migolo ya mtengo wa oak imene amawaula m'kati asanasungiremo vinyo.

Ndinaitana mkulu wa kukhitchini, amene ndi wamkulu kwa ine, n'kuwapatsa tambula yawo. "Bambo, tanunkhizani, mukumvamo tsabola?" Iwo ananunkhiza kawiri n'kupukusa mutu. "Mwanawe, zipatso ndikuzimva bwino, koma tsabola ayi." Sindinawatsutse, chifukwa fungo limeneli limachokera ku kanthu kotchedwa rotundone, kamene akatswiri a Australian Wine Research Institute, bungwe lofufuza za vinyo ku Australia, anakafotokoza mu 2008, ndipo anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu sakamva konse. Ichi n'chifukwa chake sindikonda kuona woperekera zakumwa akuumiriza mlendo kuvomereza fungo limene mlendoyo sakulimva.

Polawa ndinamwa pang'ono, ndinayendetsa vinyoyo m'kamwa monse, ndinakoka kampweya pakati pa milomo, kenako ndinalavulira m'kachitini, pakuti wolawa amene akumeza tambula iliyonse amataya nzeru zoweruzira. Pamenepa ndimafufuza zinthu zinayi, ngakhale kuti m'kamwa zimafika pamodzi. Kutsekemera kunalibe, koma kupsa kwa zipatso kukhoza kunyenga lilime. Kuwawasa kunali kwapakatikati, kokwanira kutulutsa malovu m'mbali mwa lilime. Kutentha kwa mowa kunamveka pakhosi koma sikunaotche. Chimene ndinachedwa nacho ndi tanini, amene amachokera ku makungu ndi njere za mphesa ndipo amaumitsa nkhama ngati mmene imachitira nthochi yosapsa bwino. Mu vinyo uyu kuumako kunali kofewa kutsogolo kwa kamwa, koma kolimbirako chakumapeto, pamene ndikukhulupirira kuti ndi ntchito ya Mourvèdre. Nditalavula ndinawerenga chamumtima, ndipo kukoma kwa zipatso ndi tsabola kunakhalabe masekondi oposa 20 kusanazilale.

Kwa ine vinyo wosakaniza amakhoza pamene palibe mphesa imene ikupondereza inzake, ndipo apa ndinapeza chilema chimodzi. Fungo la mgolo linali lokulirapo, moti tambula itakhala kanthawi kafungo ka Viognier kanayamba kubisika. Si cholakwa chachikulu, koma chimamuchotsa pa gulu la vinyo woti munthu angamusunge zaka zambiri akuyembekezera zodabwitsa.

Mayeso omaliza anali a chakudya, chifukwa alendo athu samwa vinyo pamimba popanda kanthu. Bambo aja anakonza nyama ya mbuzi yootcha ndi mbatata ya kachewere ya ku Bembeke, ndipo mafuta a nyamayo anafewetsa tanini uja mpaka zipatso zinamveka bwino kuposa poyamba. Titathirako tsabola wa kambuzi mowa unayaka pakhosi, ndipo ndi chambo vinyoyo anaphimbiratu kukoma kwa nsomba.

M'kope langa ndinalemba kuti timuode, timuike pa mtengo wapakati, ndipo operekera zakumwa azimulangiza kwa odya nyama ya mbuzi, ya ng'ombe kapena nyemba zokazingira bwino, osati nsomba. Ndinaonjezanso kuti m'miyezi yozizira botolo lizituluka m'chipinda chosungiramo katundu ola limodzi chakudya chamadzulo chisanayambe.