Sabata imene Abbas analankhula ku UN pa kanema ife tikudikira a MEC

Pa wayilesi imene ndimagwira ntchito, nkhani zakunja ndi zanga. Zimabwera chakumapeto, zamasewero zisanalowe, ndipo nthawi ikathina ndi zimene zimayamba kudulidwa. Kuyambira pa 21 mpaka 26 September 2025 inathina zenizeni, chifukwa dziko lonse linali tcheru kudikira zotsatira za chisankho cha pa 16. Tsoka langa, ndi sabata yomweyo imene atsogoleri a maiko anasonkhana ku New York pa msonkhano waukulu wa United Nations (UN), ndipo pakamwa pa aliyense panali dzina la munthu amene kunalibeko, Mahmoud Abbas, mtsogoleri wa Palestine.

Abbas anali ndi zaka 89. Asilikali oti angaimitsane ndi Israel alibe. Gaza anamulanda a Hamas mu 2007. Ngakhale misonkho ya katundu wolowa m'dera lake amatolera ndi a Israel, n'kumamupatsa akafuna. Chimene watsala nacho ndi maulendo: lero Cairo, mawa Amman, mwezi wamawa Moscow kapena Beijing, kukagogoda pamakomo. Kumayambiriro kwa September yemweyo anali ku London kwa Keir Starmer, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo. Koma kumapeto kwa August boma la America linali litanena kale kuti iye ndi akuluakulu ena pafupifupi 80 sapatsidwa visa. Pali pangano la mu 1947 loti America isamatsekereze nthumwi zopita ku likulu la UN, koma aka sikanali koyamba. Mu 1988 anamukaniza Yasser Arafat, mtsogoleri wa anthu a ku Palestine panthawiyo, msonkhano wonse n'kusamukira ku Geneva kukamumvera. Ulendo uno sanasamuke. Pa 19 September maiko 145 anavomera, asanu n'kukana, kuti mkuluyu alankhule pa kanema.

Lamulungu masana, Britain, Canada ndi Australia analengeza motsatizana kuti akuvomereza Palestine ngati dziko, Portugal n'kutsatira. Ndinanyamuka ndi pepala kupita kwa mayi amene amatikonzera nkhani.

"Mayi, iyi ndi yaikulu. Britain ndi amene ankalamulira dera limeneli mpaka 1948."

Maso awo anali pa foni, kudikira mtolankhani wathu wa ku BICC, kumene a MEC ankalengezera zotsatira. "Ikule bwanji, achimwene, mizere inayi basi. Anthu akufuna mavoti."

Mizere inayi pa nkhani iyi ndi ntchito yowawa. Omvera ambiri akamva kuti Palestine amaganiza za Hamas, ndiye tsiku lililonse mzere umodzi umathera pofotokoza kuti Abbas ndi wa chipani cha Fatah, amakhala ku Ramallah ku West Bank, ndipo iye ndi Hamas samwerana madzi. Wina umathera ponena zimene Israel yayankha, pajatu nduna yaikulu ya dzikolo, Benjamin Netanyahu, tsiku lomwelo anatemetsa nkhwangwa pamwala kuti dziko la Palestine silidzakhalapo. Yotsala iwiri ndiye nkhani yeniyeniyo.

Lolemba ndinagona mochedwa. New York ili m'mbuyo ndi maola 6, choncho msonkhano umene anaitanitsa a France ndi Saudi Arabia unayamba kuno anthu atadya kale nsima. Ndinkautsatira pa intaneti, mahedifoni kumakutu, magetsi atazima, jenereta ikulira kuseri ndi dizilo wochita kuwerengera. Pulezidenti Emmanuel Macron atanena kuti France yavomereza, holo yonse inawomba m'manja. Kenako nkhope ya Abbas inatulukira pa chikanema chachikulu pamwamba pa nsanja, nthumwi zitakweza makosi. Zinali ngati mlandu wa munda wako ukukambidwa pabwalo la amfumu, anthu akukuikira kumbuyo, iwe mwini uli kuseri kwa mpanda kufuulira komweko.

Analonjeza zimene azungu ankafuna kumva: Hamas isadzalamulirenso Gaza, ipereke zida, ndipo chisankho chidzachitike pasanathe chaka nkhondo ikaleka. Mnzanga wa zamasewero, amene ankadikira galimoto yotitula, anafunsa kuti iyeyo anasankhidwa liti. Ndinamuuza kuti mu January 2005, kuti alamulire zaka zinayi. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ndiye ife tikudandaula kudikira sabata imodziyi?" Ine sindinaseke kwambiri. Apa ndi pamene pali bala la Abbas. Kunja amamulandira ndi ulemu wa mtsogoleri wa dziko, koma kwawo achinyamata amene anabadwa iye atalowa kale pampando sanamuvoterepo, ndipo ambiri amamuona ngati wongosungira Israel bata.

Lachiwiri linali la Donald Trump. Anati kuvomereza Palestine ndi kupereka mphoto kwa Hamas, koma mu ofesi aliyense ankafuna za masitepe oyenda okha amene anaima iye atangokwerapo. Ndinalemba zonse ziwiri. Mungathe kulota imene inapulumuka lumo.

Lachitatu nkhani zakunja kunalibe n'komwe. A Lazarus Chakwera anavomera kugonja masana, usiku mayi Annabel Mtalimanja, wapampando wa MEC, n'kulengeza kuti a Peter Mutharika apambana ndi 56.8 peresenti. Ine ndinasanduka woyankha mafoni ndi wothamangitsa mapepala ku situdiyo.

Lachinayi Abbas analankhula ku msonkhano waukulu, pa kanema pomwepo. Anadzudzula zimene a Hamas anachita pa 7 October 2023, anati zimene Israel ikuchita ku Gaza ndi milandu ya pankhondo, ndipo anabwereza kuti anthu ake sachoka m'dziko lawo. Tsiku limeneli ndinapatsidwa mpata wokulirapo, ndipo nkhani itangotha foni ya mu ofesi inalira. Anali mayi wachikulire, mawu ake apansipansi.

"Bambo, mwana wanga ali ku Israel, ku minda. Zimene mwanenazi ndiye kuti nkhondo yatha?"

Ndinawauza kuti ayi amayi, siinathe. Anafunsanso ngati kuvomerezako kukutanthauza kuti mwana wawo athamangitsidwa. Ndinati ayi, ntchito yake siikukhudzidwa ndi za ku New York. Anathokoza kawiri n'kudula.

Foni imeneyi ndi imene ndinakaimirira nayo pa msonkhano wa m'mawa mwake. Nkhani imeneyi si ya kutali monga timaionera. Kuyambira November 2023 achinyamata athu akhala akupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Mu April 2024 Malawi inatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Mu September 2024, pamene maiko 124 anavota kuti Israel ichoke m'madera a Palestine, Malawi inali m'gulu la maiko 14 amene anakana. Ubale umenewu unayamba kale, nthawi ya Kamuzu. Pamene Abbas akuyenda kusaka mavoti, limodzi mwa mavoti amene amamusowa ndi lathu, ndipo womvera ali ndi ufulu wodziwa zimenezo, kaya akugwirizana nazo kaya ayi. Mayi otikonzera nkhani aja anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Chabwino, tengani mphindi ziwiri. Koma musandilalikire."

Lachisanu Netanyahu atakwera pansanja nthumwi zambiri zinanyamuka n'kutuluka, iye n'kulankhula mipando yambiri ili pululu. Mu mphindi zanga ziwiri ndinaika zimenezo, ndinaika kuti maiko ovomereza Palestine afika 157 mwa 193, ndipo ndinaikanso zimene sizinasinthe. Palestine ikadali dziko longoonerera ku UN monga yakhalira kuyambira 2012, chifukwa kuti ikhale membala mpaka Security Council, nthambi ya UN yoona za chitetezo, ivomere, ndipo America inatseka khomo limenelo mu April 2024. Asilikali a Israel anali mkati mwa mzinda wa Gaza, kumene analowa tsiku limene ife tinkaponya voti, ndipo unduna wa zaumoyo wa kumeneko unkati akufa apitirira 65,000.

Ndisanaweruke ndinamulembera kakalata mnyamata wogwira Loweruka ndi Lamulungu. Ndinamuuza kuti akonzeretu mbiri yachidule ya Gaza, chifukwa Lolemba pa 29 Trump ndi Netanyahu akumana ku White House kukambirana za amene adzalamulire derali nkhondo ikatha. Anandiimbira kufunsa ngati afunefunenso mawu a Abbas a pa msonkhanowo. Ndinamuuza kuti asavutike, Abbas sakakhalako.