Snap inanimaliza pamaso pa amayi a Chigwirizano

Nili na ka tebulo kotayipa na kupulinta pafupi na msika wa Kapata, ka laputopu kanga ni kakale koma Linux imakayendetsa bwino chabe. Loweruka kunabwera amayi ena a Chigwirizano na fulashi, ati mwananga nikonzere makadi a kitchen party ya mwana wanga, chithunzi chili momu. Pulogalamu yokonzera zithunzi inalibe, ndiye mphwanga wa pa koleji uja analamula pa foni kuti achimwene apt ni ya madala, ikani ya snap ndiye yatsopano. Apt na snap ni njira ziwiri zoikira mapulogalamu mu Linux.

Awe mwandi. Pa apt pulogalamu imabwera yokha, imagwiritsa ntchito ma library, tizidutswa tothandiza mapulogalamu kuyenda, amene ali kale mu kompyuta pamodzi na anzake. Snap ni mlendo wobwera na mphasa yake, mbaula yake, mapoto, ngakhale mthiko, pomwe m'nyumba zonsezo zilimo. Inayamba kukoka katundu wake pa intaneti, core22, kenako gnome-42-2204, kenako gtk-common-themes, ma MB mazanamazana, pulogalamu yeniyeniyo sinayambe n'komwe ndipo bando yanga inathera pompo. Amayi aja anamva chisoni, ati tenga foni yanga uyatse hotisipoti, mwana wanga wa ku Lusaka ananiikira ya mwezi wonse dzulo.

Itatha nadina, palibe. Nadinanso, zii. Snap ikamatsegulidwa koyamba imachedwa, ine nangoyang'ana sikirini nkhope ili serious ngati nikudziwa chimene chikuchitika, thukuta likutsika m'khosi. Potsiriza yatseguka koma fulashi sikuoneka! Ma snap ambiri amawatsekera mu sandbox, ngati kakhola kaokha, safika ku /media kumene fulashi imaonekera mpaka ulembe lamulo la snap connect na removable-media. Amayi ayamba kunjenjemera ati chithunzi chafufutika, ayamba pemphero lokweza, azimayi ogulitsa tomato abwera kudzaona maliro ali kuti.

Makadi anatuluka ndithu, okongola. Koma snap imadzifunira yokha ma update kanayi pa tsiku osafunsa munthu, ndiye pamene ine nimalimbana na fulashi, kumbuyo Firefox na ma snap anzake anali kumwa bando ya amayi mwakachetechete. Foni yalira ka meseji. Anawerenga, anavula magalasi, anawerenganso.

"Iwe mwana, unali kuonerera mpira pa foni yanga?"

Nayesa kufotokoza za ma library, ati library ili ku boma, usanipusitse. Makadi 50 anapita nawo osalipira, ati tafanana, ndipo Lamulungu ku tchalitchi kwaya yonse inali kunifunsa kuti mpira unatha zingati.