Tsopano ndamva chifukwa chake anamondwe sapha mofanana

Semesita yonse ino ndakhala ndikulimbana ndi kachithunzi kamodzi ka mu lipoti la 2014 la IPCC, gulu la akatswiri a za kusintha kwa nyengo la United Nations, kaja ka zigawo zitatu zolowana, hazard (choopsa chenichenicho, monga namondwe), exposure (anthu ndi katundu amene ali m'njira yake) ndi vulnerability (kusatetezeka kwawo), pakati pake n'kulembapo risk (chiopsezo). Amene mukuphunzira za kusintha kwa nyengo mukukadziwa, sindikafotokozanso. Ine ndinakaloweza, ndinakajambula pa mayeso a pakati pa semesita, malikisi ndinapeza. Koma mumtima ndinkadziwa kuti ndangomeza osatafuna. Wina akanandiimitsa panjira n'kundifunsa kuti kachithunziko kamuthandiza bwanji munthu wa ku Nsanje madzi akamabwera, ndikanangoti kakasi.

Zinamasuka Lachitatu lapitali usiku. Ndinkakonzekera asayimenti ya ndondomeko zothandiza mayiko ongotukuka kumene kupirira nyengo, ndipo ndinasankha Bangladesh chifukwa zolemba zake n'zosavuta kupeza pa intaneti. Nditatopa nako kuwerenga, ndinatenga pepala n'kulemba anamondwe anayi okha, wina pansi pa mnzake, aliyense ndi chaka chake ndi chiwerengero cha omwalira. Wa ku Bhola, mu November 1970, dzikolo lidakali East Pakistan: anthu osachepera 300,000. Wa pa 29 April 1991, amene anagunda cha ku Chittagong: pafupifupi 138,000. Sidr, November 2007: oposa 3,000. Amphan, May 2020: osakwana 30 mbali ya Bangladesh.

Ndinaliyang'ana pepalalo nthawi yaitali. Nyanja ndi yomweyo, Bay of Bengal. Dziko ndi lomwelo, lathyathyathya, lodzaza mitsinje. Anthu sanachepe, awonjezeka kuposa kawiri kuchokera 1970. Nyanja nayo yakwera. Ndiye kuti mwa zigawo zitatu zija, ziwiri sizinawakomere mtima anthuwa ngakhale pang'ono: mphepo ndi mafunde zilipobe, anthu okhala m'njira yake ndi ambiri kuposa kale. Koma imfa zatsika kuchoka pa zikwi mazanamazana kufika pa makumi. Chimene chinasuntha ndi chigawo chachitatu. Apo m'pamene ndinamva koyamba kuti vulnerability si mawu ena onenera umphawi, monga ndinkaganizira miyezi yonseyi. Ndi zinthu zokhudzika: uthenga wafika kodi, wabwera ndi ndani, munthu waukhulupirira, ali ndi kothawira, ndipo akathawa ng'ombe yake itsala ndi yani.

Mtima unakhala pansi, anzanga. Zinali ngati munthu wanditula mtolo wa nkhuni.

Nditayamba kufufuza chimene anachita, ndinapeza kuti si zodabwitsa ayi. Namondwe wa 1970 atapita, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anakhazikitsa Cyclone Preparedness Programme, imene boma limayendetsa limodzi ndi Bangladesh Red Crescent Society. Lero ili ndi anthu ongodzipereka oposa 70,000, ndipo pafupifupi theka ndi amayi. Si anthu ochokera ku likulu, ndi a m'midzi momwemo. Uthenga ukachoka kwa a zanyengo, iwo amakweza mbendera zochenjeza, amatenga zimkuzamawu, amakwera njinga, ena wapansi, khomo ndi khomo. Malo othawirako anawamanga a konkire, okwezeka pa nsanamira kuti madzi adutse pansi, ndipo ambiri mwa iwo masiku wamba amakhala sukulu za pulayimale. Ichi chinandigwira mtima kwambiri: nyumba imene mwana amalowamo tsiku ndi tsiku, kholo silingaiope kapena kusokera njira yake usiku. Pa Amphan anasamutsa anthu oposa 2 miliyoni, m'kati mwa mliri wa Covid-19.

Nkhani ya amayi ndi imene inandionetsa kuti chigawo chachitatuchi chili ndi timizu tambiri. Mu 1991 amayi anafa ochuluka kwambiri kuposa abambo. Mafunde sasankha munthu. Koma machenjezo ankamveka kumsika ndi m'malo osonkhanirako abambo, amayi ali pakhomo. Ambiri ankadikira mwamuna kuti abwere ndiye achoke, ena ankaopa kukagona m'chipinda chimodzi ndi amuna achilendo, ndipo chovala chachitali cha sari chimakola miyendo m'madzi. Kuika amayi m'magulu ochenjeza kunali kuyankha zimenezi mwachindunji. Mayi akamva kwa mayi mnzake amene amatunga naye madzi kuti tiyeni, amanyamuka. N'chimodzimodzi ziweto. Munthu sasiya ng'ombe imene ndi banki yake yonse, ndiye anaunjika zitunda zadothi zazitali, zimene amazitcha killa, zoti ziweto zikaimepo. Palibe chimodzi mwa izi chimene chinachepetsa liwiro la mphepo.

Ndikubwerezabwereza mfundo imodzimodziyi, ndikudziwa, koma ndi imene yandisintha. Kale ndikamva mawu oti adaptation, kutanthauza kusintha kachitidwe kuti anthu apirire nyengo, ndinkaona madamu, makina, ndalama za madola zochoka kunja. Tsopano ndikuona mayi wa chimkuzamawu pa njinga.

Apa ndiye ndinene za njirayi, chifukwa ndaikonda kwambiri. Tenga malo amodzi, tenga ngozi ya mtundu umodzi, ndandalika zaka zimene inagwa, lemba zotsatira zake pambali, kenako funsa kuti pakati pa mzere uwu ndi uwo chinasintha n'chiyani. Basi. Pepala limodzi ndi bolopeni. Kwa ine njirayi ikuposa ma model onse olosera zam'tsogolo amene takhala tikuvutika nawo pa kompyuta, aja ofuna manambala amene maboma athu ambiri sanawasunge n'komwe. Model imakuuza zimene zingachitike mu 2050 ngati izi ndi izo zitatero. Pepala langa likukuuza zimene zinachitika kale kwa anthu enieni, ndipo likuloza chala pa ndondomeko imene inagwira ntchito. Ndikanakhala ine wokonza kosiyi, sabata yoyamba aliyense akanalemba mndandanda wotere wa kwawo asanamve dzina la msonkhano ngakhale umodzi.

Ndipo apa m'pamene mtima umandiwawa. Masabata asanu ndi limodzi tinawathera pa mayina ndi zaka za misonkhano ndi mapangano a za nyengo: Rio 1992, Kyoto 1997, Paris 2015, mapulani a mayiko otchedwa NDC ndi NAP, thumba la loss and damage (lothandiza mayiko pa zimene ataya chifukwa cha kusintha kwa nyengo) limene anagwirizana ku Sharm el-Sheikh mu 2022. Zonsezi n'zofunika, sindikukana. Koma aphunzitsi athu ankangowerenga zimene zili pa projekita, ife n'kumakopera, kalasi yodzaza mpaka ena kuima kukhomo. Kachithunzi kaja anakaonetsa mphindi zosakwana zisanu, opanda chitsanzo cha dziko ngakhale limodzi. Nditakweza dzanja kufunsa kusiyana kwa exposure ndi vulnerability, anandiyankha kuti zili m'manotsi. Zinalimodi, koma chimene ndinkafuna si tanthauzo la mawu. Sindikuwada, ndikudziwa kuti ali ndi makalasi ambiri ndipo nthawi imawachepera ngati ife tomwe. Komabe zimapweteka kuti chinthu chimene chikanatenga theka la ola ndachipeza ndekha semesita ikutha, usiku, ndi bandulo yogula ndi ndalama ya chakudya. Za Saleemul Huq, wasayansi wa ku Bangladesh amene anayambitsa bungwe lofufuza za kusintha kwa nyengo la ICCCAD ku Dhaka ndipo anamenyera nkhondo nkhani ya loss and damage kwa zaka zambiri mpaka kumwalira kwake mu October 2023, ndazimva sabata ino. M'kalasi dzina lake silinatchulidwepo.

Usiku womwewo ndinatembenuza pepala n'kuyesa za kwathu, chifukwa mutu sukanagona. Ndinalemba Phalombe, March 1991, napolo wochoka m'phiri la Michesi. Chaka chomwecho, ndinazindikira, ndi cha namondwe wa ku Chittagong, ndipo ndi chaka chimene Malawi anakhazikitsa lamulo lake loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Pansi pake ndinalemba madzi osefukira a January 2015, Idai 2019, Ana 2022, kenako Freddy, March 2023. Freddy anayenda masiku 36 kuchokera kufupi ndi Australia, anagunda Madagascar ndi Mozambique, n'kubwereranso ku Mozambique kachiwiri cha ku Quelimane, ndipo masiku onsewo dziko lonse linkamuona pa satelayiti. A zanyengo anachenjeza. Koma ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe komweko, omwalira ndi osowa pamodzi anapitirira 1,000. Pepala la Bangladesh manambala amatsika. Langa sanatsike. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo ku Phalombe madzi anakumbukiradi patapita zaka 32. Uthenga unalipo pa wailesi. Funso limene pepala linandikankhira ndi loti, pakati pa wailesi ndi khomo la munthu wa m'mbali mwa phiri panali ndani, nanga akanati athawe akanalowera kuti usiku umenewo.

Ndinapita nalo pepalali kwa mnzanga wa m'kalasi amene amakonda kwambiri ma model, ndili ndi chimwemwe chonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: "Iwe, anamondwe ako anayiwa si ofanana. Sidr anafika madzi a m'nyanja ataphwa, ndipo anadutsa kaye m'nkhalango ya Sundarbans. Amphan anakatera mbali ya India, ku West Bengal. Ukufanizira bwanji ndi wa 1991?" Akunena zoona. Ndinamuyankha kuti ngakhale utachotsa zonsezo, kuchoka pa 138,000 kufika pa 3,000 si nkhani ya mafunde okha, ndipo pamenepo sindikusuntha. Koma ndavomera kuti pepala langa limabisa mbali ya hazard, limaitenga ngati yosasintha pamene imasintha.

Chimene chandisokoneza kwenikweni si mnzangayo, ndi ma polder, malo otsika ozunguliridwa ndi madayiki ku Bangladesh. M'zaka za m'ma 1960 anayamba kumanga madayiki ozungulira minda ya m'mphepete mwa nyanja, mpaka ma polder anakwana 139, kuti madzi amchere asalowe. Poyamba zinayenda, mpunga unachuluka. Koma dayiki imene imatsekera madzi kunja imatsekeranso matope amene mitsinje inkasiya m'minda chaka ndi chaka. Matope aja anayamba kuunjikana m'mitsinje momwemo, mtsinje n'kumakwera, munda wa m'kati n'kumatsika. Ofufuza amene anayeza dera lina la kumwera chakumadzulo namondwe Aila atabowola madayiki mu 2009 anapeza kuti nthaka ya m'kati inatsika ndi mita imodzi kufika imodzi ndi theka, poyerekeza ndi nkhalango ya pafupi imene sinatchingidwe. Ku Beel Dakatia, kufupi ndi Khulna, madzi anakhazikika m'minda zaka zambiri mpaka mu 1990 anthu eni ake anadula dayiki kuti mtsinje ulowe ndi matope ake. Ndiye taonani: chinthu chomangidwa kuti chiteteze anthu chinawaika pansi pa mtsinje. Mawu oti maladaptation, kutanthauza njira yodzitetezera imene imangowonjezera vuto, ndinawalemba m'manotsi mu sabata yachinayi, koma ndawamva dzana.

Ndipo zonsezi pa pepala langa sizioneka. Mzere wa omwalira ukutsika bwinobwino, pamene pansi pake pali banja limene lapulumuka ku malo othawirako n'kubwerera kukapeza munda wamchere, dziwe lomwa lamchere, kenako n'kulongedza kupita ku Dhaka kukapalasa njinga zonyamula anthu. Munthuyo ali moyo, ndipo kukhala moyo si chinthu chaching'ono. Koma kodi tinganene kuti wapirira? Ndikaganiza za a ku Makhanga kapena a m'mbali mwa Ruo amene akhala m'misasa kangapo, n'kubwerera ku madimba awo chifukwa kumtunda kumene akuuzidwa kuti asamukire kulibe chinyezi, ndikuona funso lomwelo.

Ndiye pano ndili pakati. Mfundo yaikulu ndaigwira ndipo sindiitayanso: ngozi imapangidwa ndi mphepo pamodzi ndi zimene anthu akonza kapena sanakonze. Koma sindinatsimikize ngati zimene zinagwira ntchito pa chigwa chathyathyathya, pamene namondwe amapereka masiku awiri kapena atatu okonzekera, zingagwire m'munsi mwa phiri pamene matope ndi miyala zimatsika m'mphindi zochepa, usiku, mvula ikusokosera padenga moti chimkuzamawu sichingamveke. Mwina kumeneko chofunika kukhudza ndi exposure, kumene anthu amanga, ndipo imeneyo ndi nkhani ya malo ndi lendi ya m'tauni, imene ndikuiopa kuiyamba masabata awiri okha atatsala. Lolemba ndikukaonana ndi amene akuyang'anira kafukufuku wanga. Pa pepala lija ndajambula mzere wina pambali pa wa omwalira, woti ndilembemo zimene opulumuka anataya, koma mpaka pano sindinasankhe kuti ndiziwerenga chiyani mmenemo, mahekitala, ziweto, kapena mabanja amene sanabwererenso kwawo.