Gasiketi inapsa pa Great East Road, tinaisinthira pansi pa mango ku Chilenje

Corolla yanga ndi ya injini ya 5A, zija zimachokera ku Japan kudzera pa Nakonde, ndipo ndinaigula itadutsa kale m'manja mwa anthu awiri. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinakodwa pamdipiti wa magalimoto pafupi ndi Manda Hill mu Lusaka. Muvi wosonyeza kutentha unakwera mpaka pofiira. Ndinauona ndithu, koma ndinati ndikafike kaye kunyumba. Uchitsiru wanga unali umenewo.

M'mawa mwake injini inalira ikunjenjemera, kumbuyo kukutuluka utsi woyera kuti tolo. Nditatsegula pothirira oyilo ndinapeza phala lotuwa ngati tiyi wamkaka. Madala a nyumba yoyandikana nafe, amene anakalambira pa umakaniko, anabwera atapinda malaya. Injini ili yozizira anatsegula rediyeta n'kundiuza kuti ndilize. Madzi anayamba kutulutsa thovu, bwibwibwi, osaleka.

“Mwana wanga, gasiketi yapita,” iwo anatero, kunena imene imamata pakati pa hedi (mutu wa injini) ndi buloko (thupi lake) kuti madzi, oyilo ndi moto zisakumane. “Ungathe kusintha wekha, ine ndizingoyang'ana. Koma usathamange.”

Loweruka tinakankhira galimoto pansi pa mtengo wa mango. Ndisanagwire sipanala ndinajambula injini yonse pafoni, ndipo waya aliyense ndi paipi iliyonse imene ndachotsa ndinkaimata kapepala kolembapo. Ndinachotsa batire, ndinakhetsa madzi ndi oyilo, kenaka mapulagi ndi mapaipi a mpweya. Manati a ku ekizosi anali atachita dzimbiri, choncho ndinawapopera WD-40 n'kuwasiya agone. Mukawakakamiza amathyoka, ntchito ya masiku atatu n'kusanduka ya sabata.

Pa timing belt, lamba wa mano woyendetsa mbali ya pamwamba ya injini, m'pamene madala anadzuka pampando. Tinazunguliza injini ndi dzanja mpaka pisitoni yoyamba itafika pamwamba, zizindikiro za pa mapule zitalunjikana ndi za pa injini, ndipo ndinazidinda ndi utoto wa zikhadabo wa mayi akunyumba (mpaka lero sanandikhululukire). Injini imeneyi ili ndi camshaft (ndodo zotsegula mavalavu) ziwiri zolumana ndi mano, ndipo ziyenera kuchoka kuti mufike pa mabawuti a hedi. Giya ya camshaft ya mbali yolowera mpweya ili ndi kagiya kena kokankhidwa ndi sipuling'i. Musanaizule, mangani giyayo ndi kagiyako pamodzi ndi kabawuti ka mamilimita 6, apo ayi kadzakuvutitsani pobwezera.

Mabawuti a hedi alipo 10. Amamasulidwa injini itaziziratu, kuyambira kumapeto kulowera pakati, pang'onopang'ono maulendo angapo, osati kumasuliratu limodzi. Hedi ndi ya aluminiyamu, imapindika msanga. Mabawutiwo si ofanana kutalika, n'chifukwa chake ndinaboola katoni n'kumasomeka lililonse pamalo pake. Hedi itakana kunyamuka ndinatenga sikuludiraiva kuti nditeme pakati, madala n'kundimenya padzanja. Tinaigogoda ndi mtengo, inagwedezeka yokha.

Chimene ndinaona pansi pake sindidzaiwala. Mwa mapisitoni anayi, atatu anali akuda ndi mwaye, koma ya nambala 3 inali mbee ngati mbale yotsukidwa kumene. Nthunzi inali itaichapa. Pamphete ya gasiketi pomwepo panali kamng'alu kakuda kofika pabowo la madzi, kosaposa chikhadabo.

Chinthu chimodzi chosatheka pakhomo ndi kuwongola hedi. Ndinaikulunga m'saka n'kupita nayo kwa osema zitsulo cha ku Lumumba Road. Anaipima ndi mpweya kuti aone ngati ili ndi mng'alu, inalibe. Kenaka anagoneka chitsulo chowongoka pamwamba pake n'kumalowetsa feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mpata) pansi. Malire a injini zimenezi ndi mamilimita 0.05, koma yanga pakati inapitirira, ndiye anaisema pang'ono. Magetsi anavuta, ndinaitenga patapita masiku awiri. Amene amakuuzani kuti ingopalani ndi sandipepa pagalasi akufuna mudzamasulenso Khirisimasi isanafike.

Ku Panganani Road, kumene kuli masitolo a zipangizo za galimoto, ndinapita ndi gasiketi yakale m'manja. Mnyamata wogulitsa anandiyalira ziwiri, yotchipa ndi yodula. Nditaigoneka yotchipayo pa yakale, mabowo ena a madzi sanalunjikane bwino. Ndinatenga yodula, mabawuti atsopano, timing belt, oyilo ndi fyuluta. M'thumba munatsala ya basi yokha.

Kubwezera n'kumene kumafuna mtima. Ndinatseka masilinda ndi sanza n'kupala pamwamba pa buloko mpaka kuti see, osakanda chitsulo. Mabowo a mabawuti ndinawaumitsa limodzilimodzi ndi kansalu kokulunga pawaya, chifukwa madzi kapena oyilo akatsalira pansi, bawuti likamatsika likhoza kung'ambitsa buloko. Gasiketi imagona youma, osapaka silikoni. Kumanga kumayambira pakati kupita kumapeto, mopingasa, ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu ya kamangidwe) imene madala anatulutsa m'bokosi lawo ngati akutulutsa mfuti. Muyeso tengani m'buku la injini yanu, osati pakamwa pa munthu. Pomaliza pamafunika kupotokola bawuti ndi madigiri amene bukulo lanena, ndiye ndinadontheza utoto uja pamutu pa lililonse kuti ndiziona mmene lazungulirira. Camshaft zitabwerera, kabawuti kaja nditachotsa, lamba atalowa, ndinazunguliza injini ndi dzanja kawiri. Zizindikiro zinakumananso.

Ndinathira oyilo ndi madzi, ndinaliza, inalira bwinobwino. Ndinayamba kale kupukuta m'manja, ndikuganiza za mowa wozizira.

“Wasintha gasiketi, inde,” anatero madala osadzuka n'komwe. “Nanga chinaiwotcha wachipeza?”

Ndinangoti kakasi. Tinadikira injini itenthe, muvi unafika pakati n'kumapitirira, fani ili duu. Ndinazimitsa msangamsanga. Relay ya fani, kachipangizo ka magetsi koiyatsa, inali yakufa, ndipo pamsewu wopanda mdipiti mphepo inkandibisira vutolo. Titamasula pamene pamakhala thermostat, kachitseko kotsegulira madzi injini ikatentha, tinapeza mulibe, mwini wakale anaichotsa monga amachitira ambiri muno, poganiza kuti akuthandiza injini. Ndipo rediyeta mkati inali yoyera ndi miyala ngati ketulo yakale. Lusaka anakhala pamwala wa laimu, madzi a m'mijigo ndi m'zitsime amasiya zimenezo, ndipo ine zaka zonsezi ndinkangothira a m'chigubu cha kukhitchini.

Ndinabwereranso ku Panganani ndi ndalama yobwereka kwa alamu anga. Relay yatsopano, thermostat, rediyeta kukatsukitsa, ndi coolant weniweni, madzi opangidwira kuziziritsa injini. Pothira ndinasiya rediyeta yotsegula, hita ili pamoto, ndikufinya paipi yapamwamba mpaka thovu lonse litatha. Oyilo ndinamukhetsanso patangotha sabata, pochotsa madzi otsalira.

Lachisanu lotsatira ndinapita dala pa Great East Road nthawi yoweruka, madala ali pampando wakutsogolo, wailesi titazimitsa. Tinaima pamdipiti pafupi ndi pomwe paja, tonse maso ali pamuvi. Patapita kanthawi tinamva kutsogolo kuti vuuu, fani yadzuka. Madala anatsitsa galasi n'kuitana mnyamata wogulitsa nthochi.