Masitampa a positi ya masikauti: pamene ndafika dzinja lino

Loweruka lapitali ndinatsitsa bokosi la nsapato pamwamba pa wadiropu n'kuwerenga zonse. Masitampa a positi ya masikauti tsopano akwana 63. Mwa amenewa, 41 adakali pa maenvelopu awo, 19 ndi omatula kale, ndipo atatu ndi amene ndawononga ndi manja angawa. Mu Okutobala ndinali ndi 38 okha. Chandikweza ndi phukusi la maenvelopu 25 limene mlongo wanga, namwino ku Sheffield ku England, anabwera nalo atabwera kudzaona mayi kuno ku Chilenje, mu Lusaka. Chaka chonse amapempha anzake akutchalitchi ndi akuntchito kuti asamataye maenvelopu a makhadi a Khirisimasi. Akuti ena amamuyang'ana ngati wazungulira mutu, koma amamupatsabe.

Aliyense woona masitampawa amayamba ndi kufunsa kuti ndi a dziko liti. Palibe dziko limene linawasindikiza. Ku Britain kunyamula makalata inali ntchito ya positi ya boma yokha, koma mu 1981 lamulo linafewetsedwa, mabungwe othandiza anthu n'kuloledwa kunyamula makhadi a Khirisimasi kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 1 Januwale. Magulu a masikauti m'madera ngati Sheffield, Cardiff ndi Wirral anaugwira mwayiwo. Amasindikiza masitampa awoawo, otchipa kuposa a Royal Mail, positi yaikulu ya dzikolo, n'kumawagulitsa m'timashopu ta m'deralo. Wogula amamata pa khadi lake n'kuponya m'bokosi la masikauti, osati lofiira la positi lija. Kenako ana ndi atsogoleri awo amasankhula makhadiwo malinga ndi madera, magulu amasinthana mitolo, ndipo ana amayenda khomo ndi khomo m'chisanu cha Disembala. Ndalama yotsala imathandiza gululo ndi mabungwe ena achifundo. Amanyamula makhadi okha, komanso m'dera lawo lokha.

Ine kusonkhanitsa masitampa ndinayambira pa a bambo anga, amene anali ndi bokosi la makalata pa positi ofesi yaikulu ya pa Cairo Road. Anandisiyira a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, a pakati pa 1954 ndi 1963, okhala ndi mutu wa Mfumukazi Elizabeth, komanso a Zambia oyambirira olembedwa mangwee, kwacha itabwera mu 1968. Pa amenewo ndi pamene ndinaphunzirira kumatula: madzi ofunda pang'ono m'beseni, kudula envelopu mozungulira sitampa, kuviika mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu mpaka sitampa itayandama yokha, kuyanika chafufumimba pa pepala loyera, n'kuipsinja m'buku lolemera usiku wonse. Zaka zonsezi njira imeneyi sinandigwiritsepo mwala.

Ndiye Lamlungu lina masana, titabwera kutchalitchi, ndinasankha maenvelopu atatu ong'ambika kwambiri n'kunena kuti awa bola ndingomatula. Mayi a kunyumba anandipeza ndikuthira madzi.

"Bambo, beseni limenelo ndi lotsukira mpunga. Mwayambanso?"

"Mphindi khumi zokha, mayi."

Zinakwana mphindi makumi atatu. Masitampa awiri anali a mtundu wodzimata wokha, wa guluu wosasungunuka m'madzi, ndipo ine sindinayang'anitsitse. Pepala la envelopu linafewa, sitampa osasuntha. Nditakoka ndi kachopanira kanga kachitsulo, nkhope ya sitampa inasendeka ngati khungu la mbatata yophika, kumbuyo kwake n'kutsala pa envelopu. Yachitatu inamatuka bwinobwino, koma inali pa envelopu yofiira, ndipo utoto unasukuluka m'madzimo. Chithunzi cha chipale chofewa choyera mbee chinasanduka chofiirira ngati madzi otsukira nyama. Izi za envelopu yofiira ndimazidziwa kuyambira ndili mnyamata, kuti imaviikidwa payokha m'madzi ozizira n'kuchotsedwa msanga. Phuma basi. Mayi a kunyumba anangotenga beseni lawo osanena kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa akanandiseka.

Atatuwo sindinawataye. Ali patsamba lomaliza la alubamu.

Madzulo ake, magetsi atazima, ndinakhala ndi tochi ndi galasi lokulitsa zinthu n'kuyamba kuona maenvelopu otsalawo mmodzimmodzi, ndipo m'pamene ndinaona kuti ngakhale kumatula kukanayenda bwino, ndikanataya gawo lalikulu la chimene ndikusonkhanitsa. Sitampa ya boma nthawi zambiri imadzifotokoza yokha: dziko lalembedwa, mtengo walembedwa, ndipo kabuku ka mitengo ya masitampa ka Stanley Gibbons kakuuza chaka chake. Ya masikauti ikachoka pa envelopu imasanduka kapepala ka chithunzi chabe. Ena mwa omatula 19 aja alibe chaka, ena alibe ngakhale dzina la tauni, moti ndimangowaika pamodzi potengera maonekedwe.

Envelopu imodzi ndinaigwira nthawi yaitali. Ndi yoyera, yaing'ono, yochokera ku gulu la m'tauni ina yaing'ono. Sitampa yake ili ndi kambalame ka pachifuwa pofiira kamene Angerezi amakonda kujambula pa Khirisimasi. Chidindo chake n'cha labala, chodindidwa mopendama, inki yachuluka mbali imodzi, zooneka kuti wodindayo anali atatopa kapena dzanja linali laling'ono. Pakona yakumanja pali nambala yolembedwa ndi pensulo, ya dera limene khadilo linayenera kupita. Nambalayo yafufutidwa ndi mzere, pansi pake palembedwa ina ndi dzanja lina, la munthu wamkulu. Ndiye kuti khadili linasochera, linakafika kwa gulu lolakwika, wina n'kulibweza. Pakona yam'munsi pali banga la madzi pamene inki ya adiresi inayenderera. Mvula kapena chipale, mwana wina analinyamula panja. Zonsezi zikanathera m'beseni la mpunga.

Ina ndi yoseketsa. Wotumiza anamata sitampa ya masikauti koma n'kukaponya m'bokosi lofiira la Royal Mail. Kwa a positi sitampa imeneyo si malipiro, choncho envelopuyo ili ndi chizindikiro choti wolandira alipire kaye. Khadi lofunira munthu mafuno abwino linakamulipiritsa. Mlongo wanga akuti mwini wake anamupatsa akuseka, amvekere tenga, ndinaigula kale imeneyi. Pa zonse zimene ndili nazo, imeneyi ndi imene sindingasinthanitse ndi chilichonse.

Lamulo langa tsopano ndi lakuti sitampa ya masikauti sichoka pa envelopu, ngakhale envelopuyo ikhale yong'ambika bwanji. Vuto ndi malo. Alubamu yanga ndi ya timizere ta masitampa, envelopu silowa. Ndagula faelo ya timatumba ta pulasitiki ku Kamwala, koma ndikukayika nayo, chifukwa pulasitiki wofewa wonunkha uja amawononga pepala pakapita zaka. Pakadali pano envelopu iliyonse ndaikulunga m'pepala loyera ndisanailowetse. Ndikajambula chithunzi chotumizira anzanga ndimaphimba dzina ndi adiresi, poti eni ake anapatsa mlongo wanga, sanapatse dziko lonse.

Chinyezi nachonso chavuta. Kuyambira Disembala mvula sinapume, ndipo khoma la kuchipinda kwathu limatuluka thukuta. Masitampa awiri osagwiritsidwa ntchito a Zambia ndinawapeza atamatirira patsamba. Ndasuntha bokosi kuchoka kukhoma, ndipo ndaikamo timapaketi ta timikanda toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano. Mnyamata wina wogulitsa nsapato m'tauni amandisungira. Dzuwa likawala ndimatsegula alubamu pamthunzi kuti ipitidwe mphepo.

Mwezi watha ndinatenga masitampa angapo kukaonetsa bambo wina amene amagulitsa ndalama zakale ndi masitampa pa msika wa Lamlungu. Anawatembenuza, n'kundibwezera.

"Bwana, izi ndi zomata za ana. Mulibe mtengo umu. Bweretsani a Northern Rhodesia tikambirane."

Sananame kwenikweni. Osonkhanitsa amawatcha ma cinderella, kutanthauza masitampa osatulutsidwa ndi positi ya boma, ndipo m'mabuku akuluakulu a mitengo mulibe. Koma ndinafuna kumukumbutsa za Mafeking, tauni ya ku South Africa imene lero ndi Mahikeng. Pa nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi tauniyi inazingidwa masiku 217, kuyambira Okutobala 1899 mpaka Meyi 1900, ndipo anyamata ndi amene ankayendetsa mauthenga, ena pa njinga. Masitampa anasindikizidwa momwemo mwa njira ya zithunzi, n'chifukwa chake ndi abuluu: ya peni imodzi ili ndi mnyamata Warner Goodyear ndi njinga yake, ya mapeni atatu ili ndi nkhope ya Robert Baden-Powell, amene anadzayambitsa masikauti. Anyamatawo sanali masikauti, poti gululi linadzayamba mu 1907 ndi msasa wa pa chilumba cha Brownsea, koma lero masitampa amenewo ndi a ndalama zambiri, ndipo abodza ake ndi mbwee. Ku Prague nako, mu Novembala 1918, dziko la Czechoslovakia litangobadwa, masikauti ndi amene ankanyamula makalata a boma latsopanolo, ndi masitampa awoawo awiri, ya 10 ndi ya 20 haléřů, timakobiri ta kumeneko. Ine amenewo ndimangowaonera pa intaneti. Sindinamuuze zonsezi bambo uja, kunali kasitomala wina akudikira.

Amene anandifunsa funso labwino ndi mwana wa mlongo wanga wamng'ono, wa giredi 6, amene anandithandiza kuwerenga.

"Amalume, nanga kuno bwanji sitichita? Ife tikhoza kumapereka."

Ndinamuuza kuti kuno makalata ambiri amathera m'mabokosi a ku positi ofesi, safika pakhomo, ndipo makhadi a Khirisimasi anamezedwa ndi WhatsApp. Komanso adiresi yathu m'makomboni ndi ya pakamwa: mukafika pa chigayo mukhotere kumanzere, geti lobiriwira, pali mtengo wa mapeyala. Iye anati ndiye bwino, chifukwa woidziwa adiresi yotero ndi mwana, osati wa positi. Pamenepo anandigonjetsa. Tonsefe tinakula tikutumidwa ndi kakalata m'thumba la kabudula, kuchokera kwa mayi kupita kwa azakhali, malipiro ake chitumbuwa. Tsopano wakhala pansi akujambula sitampa yakeyake ndi makrayoni, ya nkhwazi, mtengo wake K2, ndipo akuti ayamba ndi mzere wa nyumba zathu pa Isitala. Ndamulonjeza kuti envelopu yoyamba ndigula ine, ndipo adinde yekha.

Zotsala: ndalemba kale maenvelopu 30 mwa 41 m'kope, tauni, chaka ngati chikuoneka, mtundu wa chidindo, ndi mano a sitampa, amene ndimawerenga pa masentimita awiri monga mwa nthawi zonse. Ambiri odzimata okha alibe mano enieni, angodulidwa mokhotakhota. Malo a 2020 ndawasiya opanda kanthu, poti magulu ambiri sanayendetse positiyi chaka chimenecho chifukwa cha Covid-19. Wa ku Cardiff ndili naye mmodzi yekha, womatula, ndiye ndamuuza mlongo wanga kuti mnzake wa ku Wales, kumene kuli Cardiff, akapezanso asadule ndi sizasi, abweretse envelopu yonse. Khumi ndi imodzi otsalawo ndimaliza Loweruka likubwerali ngati magetsi akhalapo.